Milungu ya ku Japan pa Zithunzi za Matabwa

Anthu a ku Japan ali ndi cipembedzo ca makolo ao cochedwa Shinto. Nthano za milungu yao zinalembedwa m'buku la Kojiki m'caka ca 712, koma kwa nthawi yaitali okhoza kuliwerenga anali owerengeka. Anthu wamba anali kuziona m'magule a pa akacisi, ndipo pambuyo pace pa zithunzi zodinda ndi matabwa.

Nchitoyi inali ya anthu anai. Mwini malonda anali kuitanitsa cithunzi, mmisiri nacijambula, wosema nacizokota pa thabwa lolimba, wodinda napaka utoto ndi kutsindikiza pepala ndi dzanja. Utoto uli wonse unali ndi thabwa lace-lace. Luso lodinda mitundu yambiri linafala mu mzinda wa Edo, umene lero ndiwo Tokyo, kuyambira 1765. Popeza matabwa amodzimodziwo anali kubala zithunzi mazana-mazana, mtengo wace unali wocepa.

M'zaka za m'ma 1850 Utagawa Kunisada anajambula nthano ya Amaterasu, mulungu wamkazi wa dzuwa. Mlongo wace Susanoo atamuonongera minda ya mpunga, iye anakwiya nabisala m'phanga, ndipo dziko lonse linada bii. Pamenepo Uzume anabvina mpaka milungu yonse inafa nako kuseka. Amaterasu anasuzumira kuti aone, napenya nkhope yace m'kalilole, ndipo anamkokera kunja. Mu 1887 Tsukioka Yoshitoshi anajambula Susanoo alikulimbana ndi cinjoka ca mitu isanu ndi itatu, cimene m'mcira mwace munapezeka lupanga.

Koma nthanozi sizinali zongoceza nazo. Kalilole ndi lupangalo zili m'gulu la zizindikiro zitatu za ufumu wa Japan, pakuti mafumu ace amanenedwa kuti ndi zidzukulu za Amaterasu. Ulamuliro utabwerera kwa mfumu mu 1868, boma linakweza Shinto, ndipo ana a sukulu anaphunzitsidwa nthanozi monga mbiri yeni-yeni. Ciphunzitso cimeneci cinalimbitsa mitima ya anyamata ambiri amene anafera ku nkhondo. Japan atagonja, mfumu Hirohito inalengeza pa 1 January 1946 kuti iyo si mulungu.

Zithunzizo zikali m'nyumba zosungira zakale za maiko ambiri. Wozipenya ayamikire dzanja la mmisiri, koma akumbukirenso kuti nthano ya makolo ikalowa m'manja mwa olamulira imakhoza kutumiza anthu ku imfa.