Garnacha: dzina la mphesa za m'mapiri

Garnacha ndi mtundu wa mphesa zakuda zimene amapangira vinyo wofiira. Limeneli ndi dzina la ku Spain, ndipo akatswiri ambiri amati kwawo kwa mbewuyi ndi ku Aragón. Ku France amati Grenache, pa chilumba cha Sardinia amati Cannonau, koma mpesa wake ndi womwewo.

Pa botolo, dzina la Garnacha limatsagana kawirikawiri ndi mawu akuti viñas viejas, kutanthauza mipesa yokalamba. Apa mpamene pagona nkhani. Mpesa ukakalamba umabereka pang'ono, koma mizu yake imakhala itazama kwambiri moti chilala sichiufooketsa msanga. Ku South Africa ndi ku Barossa, m'dziko la Australia, mpesa amauwerengera kuti ndi wokalamba ukakwanitsa zaka 35. M'mapiri a Sierra de Gredos, kumadzulo kwa Madrid, muli mipesa ina yopitirira zaka 60. Imaima payokhapayokha ngati zitsamba, popanda waya woyangapo, m'dothi lamchenga lochokera ku miyala ya granite, ndipo minda ina ili pamalo okwera mamita 1,000.

Kukwera kwa malowa kumamveka pa lilime. Garnacha amachedwa kupsa, ndipo kumalo otentha amadzaza shuga, vinyo wake n'kukhala waukali. Kumapiri usiku kumazizira, choncho mphesa sizitaya kuwawasa kwake. Vinyo amatuluka wofiira mopepuka, wonunkhira ngati sitiroberi.

Ine ndimawapatsa ulemu alimi amene sanazule mipesayi pamene anzawo ankasiya minda n'kupita kutauni. M'malo otsetsereka mmene thirakitala singalowe, ena akulimabe ndi nyulu ndipo amathyola mphesa ndi manja.