Diso la dokotala m'mutu mwa munthu

Sabata yatha mnyamata wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti dokotala akatsegula mutu amadziwa bwanji pamene chotupa chathera n'kuyamba ubongo. Ndinagwira njakata, poti ine ndi wa Histole, koma funsoli lili ndi mbiri yake.

Mu 1910 ku Chicago, Victor Lespinasse, dokotala wa matenda a chikhodzodzo, anatenga kachipangizo kake koonera m'chikhodzodzo n'kukalowetsa m'mitu ya makanda awiri odzaza madzi m'mutu. Mmodzi anamwalira opaleshoni itangotha, winayo anakhala zaka zisanu. Kuwala kunali kochepa, magalasi osaonetsa bwino, mpaka Harold Hopkins wa ku England atakonza magalasi atsopano m'ma 1950.

Komabe chotupa chotchedwa glioma chimafanana ndi ubongo wabwinobwino. Ukasiyako, chimaphukanso, ukadula mopitirira, munthu adzuka wosalankhula. Mu 2006 Walter Stummer ndi anzake ku Germany anasonyeza kuti wodwala akamwa mankhwala a 5-ALA, chotupacho chimawala mofiirira akachiunika ndi kuwala kwa buluu. Lero kulinso timakamera tokulitsa maselo opaleshoni ili m'kati.

Kwathu kuno kachipangizo ka Lespinasse kanabwerera kwa makanda. Mu 2013 Dr Patrick Kamalo wa ku Queens analemba za kuboola njira ya madziwo ndi kamera, osasiya kapaipi m'mutu. Koma mwana wa ku Nsanama kapena ku Phalula amayamba wadutsa pa Liwonde kapena pa Balaka, kenaka ku Zomba, ndipo ena amafika ku Blantyre mutu utakula kale, miyezi itathera kwa asing'anga.