Chimfine cha 1918 ndi katemera amene amasintha chaka ndi chaka

Kwathu ku Chikwa, m'chigwa cha Luangwa, chimfine sitichiwerengera. Munthu amafunda bulangeti, kumwa madzi a mandimu, mawa ali kumunda. Koma chimfine chomwechi chinakumbitsa manda ambiri kuposa nkhondo.

Mu September 1918 sitima zapamadzi ziwiri zinafika ku Cape Town, zikubweza anthu akuda amene anakagwira ntchito kunkhondo ku France. Zinabwera ndi fuluwenza. M'milungu isanu ndi umodzi, ku South Africa kunafa anthu pafupifupi 300,000. Matendawo anakwera ndi njanji, kudzera ku Bulawayo, kulowa m'dziko lathu lino limene panthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia.

Kumpoto nkhondo inali ikungotha. Mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anatula zida ku Abercorn, komwe lero timati Mbala, pa 25 November 1918. Amtengatenga zikwizikwi, amene ananyamula katundu wa asilikali pamutu, anayamba kubwerera kwawo wapansi. Kumene njanji sinafike, matenda anafika ndi miyendo ya anthu. Padziko lonse akuti anafa anthu pafupifupi 50 miliyoni.

Madokotala a nthawiyo anapanga katemera, koma anaphonya mdani. Ankaganiza kuti chimfine chimayamba ndi bakiteriya, pomwe ndi vairasi. Vairasiyo anadzaipeza mu 1933 akatswiri atatu a ku London: Wilson Smith, Christopher Andrewes ndi Patrick Laidlaw. Katemera weniweni anavomerezedwa ku America mu 1945, pambuyo pa ntchito ya Thomas Francis ndi Jonas Salk.

Chimwemwe sichinakhalitse. Mu 1947 katemera yemweyo analephera, chifukwa vairasi inali itasintha chikopa ngati njoka yofundula. Ndiye mu 1952 bungwe la WHO linakhazikitsa mgwirizano wa malabotale ofufuza mitundu ya chimfine imene ikuyenda. Lero, mwezi wa September uliwonse, amasankha mitundu yolowa m'katemera wa maiko a kum'mwera kuno. Zambia nayo inayamba kulondola chimfine mu 2008, kudzera mu labotale ya ku UTH ku Lusaka. Akalosera bwino, katemera amachepetsa kudwala ndi pafupifupi theka. Si mpanda wopanda mpata, koma theka la odwala ndi anthu ambiri.

Amene theka limeneli limawakhudza kwambiri ndi odwala mtima. Mwana akadwala zilonda zapakhosi zoyamba ndi bakiteriya ya strep, osalandira penisilini, thupi lake likhoza kuukira mavalavu a mtima, timakomo timene timaletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Timakomoto timakhala ndi zipsera, timauma kapena kudontha. Wotere akagwidwa ndi fuluwenza, kutentha thupi kumathamangitsa mtima wotopa kale, madzi n'kudzaza m'mapapo. Opaleshoni ya valavu njodula, ndipo kuchoka ku Chama kukafika ku Lusaka ndi ulendo wautali.

Makolo athu a 1918 sankadziwa dzina la chimene chinkawapha. Ife tikulidziwa. Mwana akadandaula pakhosi ndi kutentha thupi, tipite naye kuchipatala msanga. Amene anauzidwa kuti mtima wake uli ndi vuto afunse adokotala za katemera wa chimfine nyengo yozizira isanafike, ndipo chaka chamawa adzafunsenso.