Kusoka diresi pakhomo kwa oyamba kumene

Kusoka diresi pakhomo ndi ntchito yoyeza thupi, kudula nsalu ndi kulumikiza zidutswa zake mpaka chovala chituluke, popanda kupita kwa telala. Ena amasoka pamanja, ena pa makina opalasa ndi mapazi, opukusa ndi dzanja kapena amagetsi. Oyamba kumene ambiri amaganiza kuti luso lonse lagona pa makina, koma diresi yokana kukhala bwino m'thupi nthawi zambiri imakhala italakwika kale poyeza ndi podula, singano isanalowe n'komwe.

Zipangizo zake si zambiri: tepi yoyezera, choko cha atelala, mapini, singano, ulusi, simbi yositira ndi sizasi yakuthwa. Sizasiyo ikhale ya nsalu yokha, chifukwa ana akangoyamba kudulira mapepala imabuntha n'kumatafuna nsalu. Makina akuda achitsulo amene timawaona m'makonde a masitolo, monga a Butterfly ochokera ku Shanghai ndi a Singer, amasoka ndi ulusi uwiri, wa pamwamba ndi wa pansi wa m'bobini, womwe umakolana mkati mwa nsalu. Elias Howe analembetsa kasokedwe kameneka ku America mu 1846, Isaac Singer n'kulembetsa makina ake mu 1851, ndipo Ebenezer Butterick anayamba kugulitsa mapatani a pepala a misinkhu yosiyanasiyana mu 1863. Atelala athu ambiri sagwiritsa ntchito mapatani ogula. Amajambula ndi choko pa nsalu pomwepo. Wophunzira asawatengere msanga. Ndi bwino ayambe wajambula pa nyuzipepala yakale, kapena asomole diresi yakutha imene inkamukwana n'kutengera zidutswa zake.

Nsalu

Nsalu yabwino kuphunzirira ndi ya thonje, monga chitenje kapena poplini, poti siterereka ndipo ikasitidwa imagona. Nsalu zotamuka ndi zoterera ngati satini zimavutitsa ngakhale odziwa. Chitenje chimagulitsidwa kawirikawiri m'mamita awiri awiri, m'lifupi mwake muli masentimita pafupifupi 115. Mamita awiri amakwana diresi yowongoka yopanda manja ya munthu wa thupi lapakatikati, koma yokhala ndi manja kapena yotambasuka kumunsi imafuna atatu kapena anayi.

Nsalu ya thonje imafinyika ikachapidwa koyamba, ndipo zitenje zina zimabwera zitaumitsidwa ndi sitachi amene amachoka m'madzi. Choncho ichapidwe, iume ndi kusitidwa isanadulidwe. Wodumpha zimenezi amavala diresi yake kamodzi kokha ili yomukwana.

Kuyeza ndi kudula

Miyeso yofunika ndi ya pachifuwa, m'chiuno, m'matako potambalala penipeni, kutalika kwa mapewa, kuchokera paphewa kufika m'chiuno, ndi kutalika kwa diresi yonse. Tepi igwire thupi koma isafinye, ndipo izungulire mowongoka, osatsetsereka kumsana. Kudziyeza wekha kumanamiza, makamaka pamapewa, pafunika mnzako.

Chovala sichisokedwa pa muyeso weniweni wa thupi. Nsalu yosatamuka imafuna mpata woti munthu apume, akhale pansi ndi kukweza manja, ndipo mpatawo umakhala masentimita 5 mpaka 8 pachifuwa ndi m'matako. Tiyerekeze kuti chifuwa chakwana 96. Powonjezera 6 chikhala 102. Popeza diresi ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mbali iliyonse imadulidwa nsalu itapindidwa pawiri, nambalayo igawidwe kanayi: 25.5. Umenewu ndiwo muyeso wojambula kuchokera pa mpindo, kenako n'kuwonjezerapo 1.5 ya msoko. Kuiwala 1.5 ameneyu ndi vuto lofala koposa, ndipo lilibe mankhwala: diresi yaikulu imachepetsedwa, koma yothina imangopita kwa mng'ono wako.

Kutalika kwa diresi kutsate m'litali mwa nsalu, mofanana ndi m'mphepete muja opanga amalembamo dzina lawo, chifukwa ulusi wa m'litali sutamuka. Chidutswa chodulidwa mopendama chimapotoka chikachapidwa, msoko wa m'mbali n'kuthawira kutsogolo. Chitenje chili ndi zovuta zakezake. Maluwa ake ndi aakulu ndipo ena ali ndi mutu ndi miyendo, kotero mbalame kapena mphika ukhoza kutuluka chadodolido kumsana pamene kutsogolo waima bwino. Zina zili ndi mkombero wa maluwa m'mphepete umene umakongola ukakhala kumunsi kwa diresi, ndipo pamenepo lamulo la m'litali limaphwanyidwa dala, nsalu n'kudulidwa chopingasa. Ndi nzeru kuima pagalasi utadzikulunga nsaluyo n'kuona pamene duwa lalikulu ligwere, kuopa kuti lingakakhale pamalo ochititsa manyazi.

Kusoka

Zidutswa zimayamba zagwirizitsidwa ndi mapini kapena ulusi wotayanatayana wa pamanja, maluwa atayang'anana mkati, kenako n'kuyesa m'thupi. Apa ndi pamene zolakwika zimakonzedwa mosavuta. Pa makina amayamba ndi timapindo tosongoka ta pachifuwa ndi m'chiuno timene timapatsa nsalu maonekedwe a thupi, kenako mapewa, khosi, zipi, manja, misoko ya m'mbali, n'kumalizira mpendero. Zipi imalowa bwino kumsana kudakali kotambasuka, m'mbali musanatsekedwe. Msoko uliwonse usitidwe ukangotha, usanakumane ndi unzake. Kusita kotereku ndi kumene kumasiyanitsa diresi ya telala waluso ndi yongolumikiza.

Pa chitenje singano ya nambala 14 imachita bwino, ndipo pa nsalu zopyapyala ya 11 kapena 12. Gudumu la makina lizungulire kwa wosokayo. Likabwerera m'mbuyo ulusi umaduka kapena kukolana, n'chifukwa chake ophunzira amayamba kupalasa makina opanda ulusi mpaka mapazi atazolowera. Ulusi ukamaunjikana kunsi kwa nsalu, anthu amathamangira kumasula bobini, chonsecho vuto limakhala pa ulusi wa pamwamba umene sunalowe bwino m'njira zake kapena walekerera. Makina akamadumpha misoko, singano yabuntha, yapindika kapena yalowetsedwa chopotoka. Nsalu isakokedwe; mano a pansi pa phazi la makina ndiwo amaiyendetsa, manja amangowongolera.

Makina akuda aja amasoka mzere wowongoka wokha, ndiye m'mphepete mwa misoko mumayoyoka ngati simutetezedwa. Ena amapinda m'mphepetemo kamodzi n'kusokanso, ena amapita nayo diresi kwa telala wokhala ndi makina a ovaloko n'kulipira pang'ono. Mpendero umapindidwa kawiri, koyamba sentimita imodzi, kachiwiri awiri kapena atatu. Diresi yotambasuka kumunsi ipachikidwe usiku wonse isanapendedwe, chifukwa mbali zodulidwa mopendama zimatsika. M'mawa mwake mwini wake aivale ndi nsapato zimene azidzavalira, mnzake n'kuyeza kutalika kofanana kuchokera pansi mozungulira monse.