Mpira wodutsa malire: Lifidzi ndi Angónia

Lifidzi ndi dera la m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kufupi ndi malire a Dedza. Anthu a tsidya lino ndi tsidya lija amayankhula Chichewa, ndipo wosewera akawoloka savutika kumvana ndi anzake.

Timu yamphamvu m'chigawochi ndi UD Songo, yomwe idatenga ligi ya Moçambola mu 2017, 2018 ndi 2022. Amalawi monga John Banda, Schumacher Kuwali ndi goloboyi Charles Swini adavalapo malaya ake.

Aluso a ku Mozambique kawirikawiri amalowera ku Portugal, monga Eusébio yemwe adapita ku Benfica mu 1960, pomwe Amalawi ambiri amayambira ku South Africa. Esau Kanyenda adasewera ku Jomo Cosmos asanapite ku Rostov, ku Russia, mu 2003. Chomvetsa chisoni n'chakuti ofufuza osewera amathera m'mizinda, mwana waluso wa kumidzi ya Lifidzi osamuona.