Zimene Luangwa Inaphunzitsa Aphunzitsi

Ife a mu Linda tikhala pafupi ndi zinthu zimene alendo amalipira ndalama kuti aone. Mukakwera minibasi mu Kafue Road kupita ku Chilanga mupeza Munda Wanga, ndipo ku Chilanga komweko ndi kumene kuli likulu la dipatimenti yoyang'anira mapaki ndi nyama zakuthengo m'dziko lonse. Kum'mawa kwathu kuli Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015. Koma ambiri a ife tikamva za nchito yokopa alendo timaganiza cabe za woperekera zakudya mu hotela kapena dalaivala. Kuli anthu ena amene moyo wao wonse amafufuza ndi kuphunzitsa funso limodzi: malo okopa alendo angakhalitse bwanji osaonongeka, ndipo ndalama zake zidzipita kwa ndani? Kuno ku Zambia, yankho linafunidwa kwambiri ku cigwa ca Luangwa, kum'mawa kwa dziko.

Nkhani iyambira mu 1950, pamene a Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu ya Akunda kuti mbali ina ya dziko la mfumu ipatulidwe kukhala malo a nyama. Anamanga msasa wa alendo, ndipo ndalama zimene alendo anali kulipira zinali kupita kwa eni dziko. Pa nthawi ya atsamunda, ganizo lakuti munthu wa kumudzi apindule ndi njovu imene ikudya cimanga cake linali lacilendo.

Mu 1972 South Luangwa inakhala paki ya boma. Zaka zotsatira zinali zowawa. Mtengo wa kopa unagwa, boma linasowa ndalama zolipira alonda a nyama, ndipo opha nyama mozemba anamaliza njovu zambirimbiri cifukwa ca minyanga. Zipembere zakuda zinatheratu, cakuti mu 1998 zinalengezedwa kuti m'Zambia mulibenso, mpaka zina zinabweretsedwa ku North Luangwa mu 2003. Anthu a m'midzi anali kuona ophawo akudutsa, koma anali cete. Akanaulula cifukwa ciani? Nyama zinali za boma, iwo anatsala ndi minda yoonongeka.

Apa ndi pamene ofufuza analowa. A Dale Lewis, a ku America amene anali kufufuza za njovu, pamodzi ndi a Gilson Kaweche ndi a Mwenya a ku dipatimenti ya nyama, anayesa njira ina ku Lupande, m'mbali mwa paki. Analemba nchito acinyamata a m'midzi momwemo kukhala alonda, ndipo gawo la ndalama zocokera ku nyama linabwezedwa kumudzi. Mu 1990 analemba zimene anapeza, kuti kupha nyama mozemba kunacepa. Njira iyi inakula kukhala pulogalamu ya ADMADE, ndipo pa Nyamaluma panakhala sukulu yophunzitsa alonda a m'midzi.

Ku Lupande komweko kunalinso pulogalamu ina ya citukuko, LIRDP, yothandizidwa ndi dziko la Norway. Mu 1996 kunabwera a Brian Child, a ku Zimbabwe, amene anaphunzira ku Oxford ndi kugwirako nchito mu pulogalamu ya CAMPFIRE kwao. Vuto limene linalipo ndi lakuti ndalama zinali kuthera m'makomiti apamwamba, munthu wamba osaziona bwino. Anasintha kuti gawo lalikulu lifike m'magulu a m'midzi, kumene anthu anali kukhala pabwalo, kumva kuti zabwera zingati, ndi kusankha okha ngati agawane kapena amange cipinda ca sukulu, kapena akumbe citsime. Mu 2003 iwo ndi a Barry Dalal-Clayton anatulutsa buku lochedwa Lessons from Luangwa. Pambuyo pake a Child anakhala mphunzitsi pa University of Florida. Motero zimene anthu a kwa Kakumbi ndi kwa Mnkhanya anacita pabwalo zinafika m'makalasi a kutsidya kwa nyanja.

Si zonse zinayenda bwino. Lamulo la nyama la 1998 linakhazikitsa ma Community Resources Board kuti midzi ikhale ndi mau, koma madandaulo akuti gawo la midzi limacedwa kufika akhala akumveka zaka zambiri. Cimene mbiri iyi itiphunzitsa ndi cakuti malo okopa alendo amakhalitsa ngati oyandikana nao aona phindu ndi maso ao, ndiponso ngati pali wina amene awerenga, kulemba ndi kuuza anthu zoona.

Manje tibwerere kwathu. Munda Wanga unayamba ngati munda wa maluwa ndi mitengo wa a Ralph Sander m'zaka za m'ma 1950. Utapita m'manja mwa boma unakhala malo amene ana a sukulu a mu Lusaka anali kuonerako nyama koyamba. Ndalama zitasowa unafooka kwambiri, mpaka unayamba kukonzedwanso kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Lusaka National Park nayo ili pakati pa mzinda umene ukula tsiku ndi tsiku, mapuloti akuyandikira mpanda. Mafunso a ku Lupande ndi athunso. Kodi ndi angati a m'makomboni amene agwira nchito kumeneko? Tomato ndi ndiwo za m'maloji zigulidwa kwa ndani? Ana angati a mu Linda anaonako mbidzi yamoyo?

Mayankho ake afuna ofufuza, ndipo ambiri amene mayina ao ali pa mabuku a Luangwa anacokera kunja. Lero njira ilipo. Mu Lusaka muli Zambia Institute for Tourism and Hospitality Studies, imene akulu athu aidziwa ndi dzina la Fairview, ndipo Copperbelt University iphunzitsa za kasamalidwe ka nyama zakuthengo. Mwana wa mu komboni adziwa kale cinenero ca anthu amene afunika kufunsidwa, ndipo adziwa pamene munthu ayankha mongokondweretsa mlendo. Amene mwatsiriza Giredi 12, polemba mafomu caka cino, muikeko maphunziro awa pa zimene musankha.