Chaka chimene ndege za ku Britain zinkatera ku Chembe

Tikamakamba mbiri ya ndege m'Malawi muno, ambirife timayambira ku Chileka n'kuthera ku Lumbadzi, komwe bwalo la Kamuzu linatsegulidwa mu 1983. Koma panali bwalo lina lopanda phula ngakhale mpanda: madzi a ku Cape Maclear, pafupi ndi mudzi wa Chembe m'boma la Mangochi.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, kampani ya ku Britain ya BOAC inkayendetsa ndege zotera pamadzi, zotchedwa Short Solent, kuchokera ku Southampton mpaka ku Vaal Dam, kufupi ndi Johannesburg. Zinali za mainjini anayi, kunsi kwake ngati bwato, ndipo zinkanyamula anthu opitirira 30. Ulendo unkatenga masiku angapo chifukwa kukamada ndege inkatera, okwerawo n'kukagona kuhotela. Chakumapeto kwa 1949, ena mwa maulendowa anayamba kuima pa Cape Maclear. Tangoganizani msodzi wa usipa ali pabwato lake, chindege chochokera ku Ulaya n'kudzati thavu pambali pake.

Koma sizinapite patali. Mu Novembala 1950 BOAC inasiyiratu ndege zapamadzi. Nkhondo ija inali itasiya mabwalo ambiri apamtunda, ndipo ndege zotera pamenepo zinali zachangu komanso zosadula kuyendetsa. Hotela yomwe inkalandira alendowo nayonso sinakhalitse. Kwa anthu a ku Chembe, aka sikanali koyamba kuona alendo akufika ndi zikuluzikulu kenako n'kusamuka. Amishoni a Livingstonia anakhazikika pomwepo mu 1875, koma pofika 1881 malungo anali atawathamangitsira ku Bandawe.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi n'chakuti okwera ndege aja sankapita ku Chembe ayi. Ankangodutsa. Nyanja yathu inali popumira pa ulendo wa eni ake, ndipo eni akewo atapeza njira yachidule, anatsanzika basi. Bwalo lija silinafe chifukwa nyanja inasiya kukongola. Umboni wake ndi uwu: mu 1980 deralo linakhala malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi.

Masiku ano nkhani yomanga bwalo lalikulu la ndege ku Mangochi imamvekamveka, ndipo anzanga ambiri amaikonda. Inenso sindidana nayo. Funso langa ndi limodzi: adzakwera ndani, akuchokera kuti, kudzatani? Ine wa kuno ku Area 4 ndikafuna kukaona nyanjayo, ndimapita kudepoti, kudikira minibasi idzaze, kukatsika ku Monkey Bay, kenako kukwera njinga yamoto. Ambiri mwa anthu opita ku Chembe, amalonda a nsomba, ana asukulu, ife ongokacheza pa Khirisimasi, amayenda chonchi, ndipo tikiti ya ndege sangaiyandikire n'komwe.

Ndege imatsata anthu amene ali ndi chifukwa chofikira pamalo ndi kukhalapo masiku angapo: msewu wabwino, magetsi osazimazima, malo ogona, ndalama zotsalira kwa eni mudzi. Zimenezi zikapanda kukhalapo, tidzamanga bwalo lokongola lodikira ndege za eni ake, ndipo 1950 inatiphunzitsa kale kuti zimenezo zimatha kuchoka chaka chisanathe bwinobwino.